Ndinamukhazika pa Mpando wa Ndalema

1

Dzina langa ndine Otilia, wa kwa Maseya m'boma la Chikwawa. Amene mumadutsa msewu wa kwathu popita ku Nchalo mwina munaonapo bambo wina atakhala pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa nimu, manja ali pamimba, akuyang'ana njinga za anzake zikudutsa. Ameneyo ndi mwamuna wanga, Kaitano. Wakhala pampando umenewo zaka zisanu ndi zitatu. Amayi a kutchalitchi amanditama, amati akazi onse akanakhala ngati amake Symon bwenzi amuna odwala akufa ali onenepa. Kutamandidwa kumeneko ndatopa nako. Mwamuna wanga akufa, ndipo si matenda okha amene akumupha. Ndikulemba kuti mudziwe mbali yanga.

Kaitano anabwera kuno kuchokera ku Mutarara nthawi ya nkhondo ya Apwitikizi, atanyamula mphasa ndi buku la mapemphero. Sukulu anaphunzira ya Chipwitikizi, ndipo chimenecho amachiwerenga ngati akumwa madzi. Koma Chingerezi ayi, chake chimathera pa moni. Ine ndinafika Fomu 2 kwa masisitere mimba ya mwana wathu Symon isanandichotse. Choncho m'nyumba mwathu pepala lililonse la Chingerezi, kaya la mankhwala a thonje kaya la kuboma, linkadikira ine.

Anali munthu wosadziwa kukhala pansi. Lachisanu m'mamawa ankakwera njinga yake yakuda kupita kwa Chapananga kukagula mbuzi, kuwoloka mtsinje wa Mwanza njinga ili paphewa, n'kubwerako Lachiwiri mbuzi ziwiri zikulira pakaliyala. Popeza ulendo unali womwewo, Bambo Mfumu a parishi yathu, mzungu wokalamba, ankamutuma kunyamula bokosi la Misa kupita nalo ku matchalitchi a kumeneko. Ine ndinkanyadira kuti mwamuna wanga amanyamula zinthu zoyera, osadziwa kuti bokosilo limagona m'nyumba ya ndani.

2

Amene ananditsina khutu ndi mayi wina pamzere wogulitsa thonje, chaka cha 1982.

"Amake Symon, kodi mbuzi za kwa Chapananga zayamba kuvala nsalu? Amuna anu agula nsalu ziwiri pamsika wa Dyeratu, koma inu ndikukuonani mwavala yomweyi ya chaka chatha."

Mzere wonse unaseka. Nanenso ndinaseka nawo, chifukwa kulira pagulu n'kuwapatsa anthu ndiwo. Pofika madzulo ndinali nditadziwa ndi dzina lomwe.

Ndinamupeza akumata chubu cha njinga.

"Bambo a Symon, Priska ndi ndani?"

Sanadzidzimuke n'komwe. Anapitiriza kupaka guluu ndi chala.

"Wamva kale? Ndimati ndikuuze thonje likatha. Ndi mkazi wabwino, Otilia, amuna ake anamwalira. Ndikufuna kumulowola."

"Inu, onyamula bokosi la Misa?"

"Pai, bambo anga, anali ndi akazi atatu ku Mutarara, ndipo onse anakalamba akuseka. Iwe ndiwe wamkulu, palibe angakuchotse pano."

Ndinaswa mbale, ndinanyanyala kuphika, ndinapita kwa ankhoswe. Ankhoswe anandiuza kuti ndipirire. Kwa Bambo Mfumu sindinapite, ndinkaopa kuti akamuchotsa pa masakaramenti manyazi adzagwera ine ndemwe. Kaitano anapatula mbuzi zokalowolera n'kuziika m'khola lakelake kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse ndikamasesa ndinkaziona zikunenepa, ndipo ndinkazida ngati ndi anthu.

3

Mbuzizo sizinapite. Lamulungu lina lomwe sanapite kwa Chapananga, Misa itangotha, Kaitano anagwa pakhomo pa tchalitchi ngati thumba la mapira. Anatsitsimuka, anaseka, anati ndi dzuwa. Lachitatu anagwanso. Bambo Mfumu anamukweza m'galimoto yawo n'kukwera naye chitunda mpaka kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anapeza kuti mtima wake ukugunda mwaulesi, nthawi zina n'kuima pang'ono ngati waiwala ntchito. Anati mankhwala ake palibe, koma kamakina kokhala ndi batire koika m'chifuwa, koti kazikumbutsa mtima kugunda. Kuno kwathu sankaika. Ankaika ku Joni.

Bambo Mfumu analemba makalata kwa anzawo a kunja, anayenda m'maofesi, mpaka pasipoti inatuluka. Kaitano, munthu wa mbuzi, anakwera ndege. Ine ndinatsala ndikupemphera mapemphero awiri osagwirizana: kuti achire, ndiponso kuti asachire kwambiri.

Anabwera patatha mwezi, ataonda, mkono wamanzere ataukumbatira. Pansi pa fupa la phewa panali chotupa ngati kabokosi ka machesi, ndi chipsera chofiira pamwamba pake. Anthu anadzaza pakhomo kudzaona. Iye ankatsegula malaya monyadira.

"Ndili ndi wotchi m'kati," ankatero. "Inu mitima yanu imayendera mwayi, wanga umayendera batire."

Bambo Mfumu sanamuone. Anali atabwerera kwawo mwadzidzidzi sabata yapitayo, ndipo ife sitinafunse chifukwa, si zinthu zofunsa.

Anthu atabalalika, Kaitano anatulutsa envulopu m'thumba la jekete.

"Madokotala aja amalankhula m'mphuno, sindinamve zambiri. Mnyamata wina wa Chishangani ndiye ankandimasulira, naye movutikira. Ndinangomva zoti ndisakweze mkono uwu, ndisanyamule cholemera, ndipumule. Anati zina zonse zili umu, ndikapatse wodziwa Chingerezi. Tawerenga."

Anali masamba awiri otayipa. Ndinawerenga chamumtima kaye, mpaka kumapeto, kenaka ndinabwereranso koyamba. Kuseri kwa nyumba mbuzi zija zinkalira. Ndinakonza kukhosi.

"Akuti musakweze mkono wamanzere kupitirira phewa. Musanyamule chinthu cholemera. Musalime. Musakwere njinga."

"Mpaka liti?"

"Moyo wanu wonse. Akuti mukatero waya wa m'kati uduka, ndipo mudzagwa pomwepo osadzukanso."

Anayang'ana njinga yake itatsamira khoma.

"Nanga za m'nyumba? Za mwamuna ndi mkazi?"

"Akutinso ayi."

"Basi ndafa kale," anatero.

"Simunafe. Ndilipo ine."

Kalatayo ndinaipinda n'kuitsekera m'sutikesi yanga, kiyi ndinamangirira ku korona yanga ya m'khosi.

4

Mpando wa ndalema ndinakagula ndekha. Njinga tinaipachika kudenga, matayala ali m'mwamba. Mbuzi zokalowolera zinabwerera m'khola lalikulu, ndipo imodzi tinadya pa Khirisimasi. Sindinadyepo nyama yokoma ngati imeneyo.

Ntchito zonse ndinazisenza ine. Ndinalima thonje, ndinalima mapira, ndinaphunzira kukangana ndi ogula mbuzi. Symon anasiya sukulu ali Sitandade 5, atakula analowa ntchito yodula nzimbe. Amayi a chipani akabwera kudzatenga anthu opita kukayeserera magule, ankati amake Symon asiyeni, ali ndi wodwala. Kaitano ndinkamusambitsa kumsana, kumumeta, kumusunthira mpando mthunzi ukasuntha. Akafuna kutola chikho pansi ndinkathamanga. M'mawa uliwonse ndinkamugwira pamkono, maso pa wotchi, kuwerenga kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi.

"Zingati lero?"

"72."

"Mzungu sanama," ankatero, n'kutsamira.

Priska anabwera kamodzi. Ndinamuzindikira ndisanauzidwe, chifukwa anavala nsalu ya pa Dyeratu ija. Anali wamfupi, wakuda bwino, atasenza dengu la masau, mapazi oyera ndi fumbi la ulendo wa tsiku lonse. Ndinkayembekeza hule wa milomo yofiira, koma anagwada patali n'kundipatsa moni ngati ndine apongozi ake. Zimenezo zinandipsetsa mtima koposa.

Sindinamuthamangitse. Ndinaima pakhomo kuti ndimve zonse.

"Ndinadikira," anatero kwa Kaitano. "Ndinamva kuti munabwera, koma njinga osaoneka."

"Njinga ndi iyo kudengako. Ine ndatha, Priska. Ndine mwamuna wa batire, wongoyang'ana ndi maso. Usataye zaka zako, pita ukakwatiwe."

"Ndikhoza kumabwera kudzathandiza amayi kukusamalirani."

"Nkhabe," anakana m'Chisena chake. "Sindifuna uzindiona chonchi."

Anasiya masau n'kubwerera dzuwa lomwelo. Kaitano sanadye masiku awiri. Ine ndinadya, ndipo masauwo ndinapatsa mbuzi.

Ndinene poyera, owerenga, chifukwa ndinalonjeza kusabisa: zaka zimenezo ndinali wokondwa. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire ndinkadziwa kumene mwamuna wanga ali ola lililonse. Ndikachokera kumunda ndinkamupeza pomwe ndinamusiya. Ankandifunsa nkhani za kumsika, ankandiyamika, ankandiuza za ubwana wake m'mbali mwa Zambezi zomwe kale analibe nthawi yondiuza. Mphasa tinkagona ziwiri, koma inenso ndinati bola kusowa tonse kusiyana n'kugawana.

Thupi lake ndilo linayamba kulipira. Akatumba a miyendo, aja ankakwera zitunda za kwa Chapananga, anasungunuka. Mimba inatuluka, mapazi anayamba kutupa. Kuchoka pampando kupita kuchimbudzi ankapumira m'mwamba. Ana a sukulu ankadutsa akufuula kuti, "A Batire, mwatchaja?" Poyamba ankawaseka, kenaka anasiya.

Pa ukwati wa Symon ndi Molly, mu 1988, kunabwera oimba ulimba ochokera ku Nsanje. Kaitano pa unyamata wake anali katswiri wovina, ndi mmene anandikopera ine. Ulimba utagunda ndinaona phazi lake likusewera pansi, kenaka mapewa. Abale ake a ku Mutarara anayamba kumuitana ndi manja. Anagwira mikono ya mpando, anadzuka, nkhope ikuwala ngati ya mnyamata, anthu n'kuyamba nthungululu.

Ndinamugwira paphewa n'kumunong'oneza liwu limodzi: "Kalata."

Anakhala pansi. Misozi inatsika, ndipo anthu anati ndi chimwemwe cha ukwati wa mwana.

5

Chaka chatha, mwezi wa Okutobala, ndinachokera ku mjigo nditasenza ndowa n'kupeza njinga yachilendo itatsamira mtengo wa nimu. Pafupi ndi Kaitano panakhala sisitere wachizungu, nkhalamba ya imvi, nkhope yofiira ndi dzuwa. Anali Sisitere Imelda, amene anali atangobwera kudzathandiza pa chipatala cha mishoni chifukwa cha kuchuluka kwa othawa nkhondo. Tayala linamuphwera pakhomo pathu, ndipo anapempha pampu.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti dzanja la mwamuna wanga linali pansi pa phewa la sisitereyo.

"Otilia, bwera udzaone!" anandiitana Kaitano. "Nawonso ali nako! Kamakina komweka!"

Sisitere anaseka. Chichewa chake chinali cha m'buku, koma chomveka.

"Kanga n'kachiwiri, amayi. Koyamba kanatha batire, anandisinthira. Ndimapalasa njinga tsiku lililonse, dokotala wanga amakalipa ndikakhala pansi. Koma bambowa akundiuza zodabwitsa. Akuti chibwerere ku Joni sanapiteko kukayezetsa ngakhale kamodzi?"

Ndowa inandilemera pamutu. Ndinaitula pang'onopang'ono kuti ndipeze nthawi.

"Matenda amasiyana, Sisitere. Awo ndi aakulu."

"N'zotheka. Kodi kalata ya dokotala ilipo? Ndiione."

"Ili m'sutikesi, ndipo kiyi anapita nayo mwana wathu."

Kiyiyo inali pachifuwa panga, ikunditentha. Sisitere anandiyang'ana, anayang'ana mapazi otupa a Kaitano, n'kuimirira.

"Mubwere nayo Lolemba kuchipatala. Musazengereze. Zaka zisanu ndi zitatu n'zambiri kwa batire."

Anapopa tayala lake yekha, anakwera, n'kumapita akupalasa mwamphamvu. Kaitano anamuperekeza ndi maso mpaka anazimiririka pa mtengo wa mlambe.

"Symon sanatengepo kiyi yako," anatero osandiyang'ana. "Katenge kalata ija, undiwerengerenso."

Apa ndiye panali pomasukira. Mulungu ananditsegulira khomo, ine n'kulitseka ndi manja anga. Ndinatenga kalatayo, ndinaitambasula, ndinayamba: musakweze mkono, musanyamule cholemera, musalime, musakwere njinga, moyo wanu wonse.

Nditamaliza anati, "Zaka zonsezi sunaiwale ngakhale liwu limodzi. Koma maso ako sanali papepala, Otilia. Unkayang'ana ine."

Anatambasula dzanja, ndipo ndinamupatsa. Anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya, pamwamba penipeni pa kamakina.

6

Lolemba m'mawa anavala jekete lake la ku Joni. Ndinati ndikabwereke ngolo, iye anakana. Ndinati ndimugwire mkono, anauchotsa.

"Ngati nkhalamba ija ikupalasa njinga, ine ndilephera kuyenda?"

Anayenda. Ndinkamutsatira m'mbuyo ngati galu wolakwa. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaona A Batire ali pamsewu, ena n'kumaomba m'manja. Anadutsa mjigo, anadutsa mlambe, thukuta lili kamukamu, miyendo ikugwedezeka. Asanafike pa sukulu anaima, anagwira m'mutu, n'kugwa chafufumimba.

Tinamunyamula pa ngolo yomwe anaikana ija. Sisitere Imelda atangomugwira pamkono anaitanitsa galimoto, ndipo tsiku lomwelo tinali ku Blantyre.

Dokotala anali Mmalawi mnzathu, wachinyamata, wa magalasi. Anapeza kalatayo m'thumba la malaya pomuvula. Anaiwerenga ataima pafupi ndi bedi, Kaitano ali maso, ine ndili kumiyendo.

"Bambo, kalatayi anakuwerengeranipo munthu?"

"Kawiri. Koma ndiwerengereni inu, adokotala, m'Chichewa. Musadumphe kanthu."

Dokotala anawerenga. Musakweze mkono wamanzere, musanyamule cholemera, musalime, musakwere njinga, kwa masabata asanu ndi limodzi. Masabatawo akatha, wodwalayu abwerere ku ntchito zake zonse. Aziyenda, azipalasa njinga, azilima, azikhala ndi mkazi wake monga kale, chifukwa mtima wake ukufunika ntchito ndipo kukhala pansi kudzamuwononga. Azipita ku Blantyre chaka chilichonse kukayezetsa kamakina. Wina azimuwerengera kugunda kwa mtima. Kukadzatsika kuchoka pa 72 kufika pansi pa 66, batire yayamba kutha, abwere msanga. Mulimonsemo, abwerere ku Joni zisanathe zaka zisanu ndi ziwiri.

Wodwala wa bedi loyandikana anasiya kutafuna nzimbe yake.

"Kunyumba kwanu amawerenga Chingerezi ndani?" anafunsa dokotala.

"Ndine," ndinatero.

Sanandikalipire. Bola akanatero. Anangovula magalasi n'kuwapukuta.

Masabata asanu ndi limodzi. Mawu amenewo ndiwo ndinawameza tsiku lija pansi pa nimu, mbuzi zikulira kuseri. Ndinkati ndimusunge miyezi ingapo, Priska atope akwatiwe, kenaka ndidzanene kuti kwabwera kalata ina yomumasula. Koma Priska atapita ndinaona kuti akadzuka adzapeza Priska wina. Chaka choyamba chitatha ndinadziwa kuti tiyenera kupita kukayezetsa, koma dokotala aliyense akanamufunsa chifukwa chake sayenda, bodza langa n'kuphulika. Ndinati chaka chamawa. Chaka chamawacho ndinatinso chamawa.

Ndipo pali china chimene ngakhale dokotala sanachidziwe. Ine sindinasiye kuwerenga pamkono paja m'mawa uliwonse, chifukwa gawo limenelo la kalata ndinkalimvera. M'nyengo yozizira ya chaka chatha ndinapeza 68. Ndinati wotchi yalakwa. Mu Ogasiti ndinapeza 65, mu Seputembala 63. Ndinkadziwa bwino lomwe tanthauzo lake. Iye akafunsa kuti zingati lero, ndinkayankha kuti 72.

Dokotala ananditengera pakhonde.

"Amayi, batire yatsala pang'ono kuzima. Ikazima, mtima wawo paokha sungapitirire 35, ndipo nthawi zina uziima. Kuno sitisintha. Tilemba makalata opempha kuti apite ku Joni, koma mzere ndi wautali, pasipoti yawo inatha, ndipo amene anawathandiza kale kulibe. Chinanso, thupi lafooka kwambiri chifukwa chokhala pansi. Akanakhala munthu woyenda, ndikanakuuzani kuti musadandaule."

"Ndiye titani?"

"Pitani nawo kunyumba, muzidikira. Tsopano ndiye asamadzuke okha."

Zimene ndinanama zaka zisanu ndi zitatu zinasanduka zoona tsiku limenelo.

7

Tinabwerera kwa Maseya. Kaitano sanauze munthu, ngakhale Symon. Amayi a kutchalitchi anabwera ndi ufa ndi nkhuni, akunditama monga kale, iye ali phee akumvetsera. Koma m'mawa woyamba nditafika ndi wotchi, anabisa mkono m'nsalu.

"Aziwerenga Molly."

Mpongozi wanga anadabwa, koma anaphunzira. Anayamba ndi 58. Pofika Khirisimasi inali 44.

Tsiku lina masana, mvula itangokata, anandiitana.

"Tenga pepala ndi cholembera. Manja anga akunjenjemera."

Ndinakhala pansi pafupi ndi mpando.

"Lemba kuti: Kwa Priska, kwa Chapananga."

Cholembera chinaima chokha.

"Lemba, Otilia. Ndiwe wophunzira m'nyumba muno."

Ndinalemba. Anati: "Priska, ndine Kaitano. Sindikudziwa ngati uli moyo kapena unakwatiwa. Ngati unakwatiwa, amuna ako andikhululukire, sindikufuna kanthu. Tsiku lija unabwera ndi masau ndinakubweza ngati wakuba. Ndinkakhulupirira kuti ndatha. Sindinathe, ndinali ndi mphamvu zanga zonse, koma sindinkadziwa. Ndikanabwera. Ndafuna udziwe zimenezi ndisanafe, kuti usamaganize kuti unali ndi chilema. Amene wandilembera kalatayi ndi mkazi wanga."

Ndinalemba liwu lililonse, misozi ikudontha papepala. Nditamaliza ndinati ndimuwerengere kuti amve ngati zili bwino.

"Ayi. Molly! Tabwera, mwanawe. Undiwerengere zimene alemba apongozi akozi."

Molly anabwera manja ali ndi thovu la sopo. Anawerenga mogwiragwira, ndipo pofika pakati anayamba kundiyang'ana. Sanamvetse zonse, koma anamvetsa zokwanira. Kaitano anamvetsera maso ali chotseka mpaka liwu lomaliza.

"Walemba zoona," anatero. "Ukaponye wekha, Molly."

Mpongozi atachoka ndinagwada pa miyendo yake yotupa ija. Ndinanena zonse, ndi za 63 zomwe. Ndinati ndinkaopa kumutaya. Ndinati ndinkamukonda, ndipo n'zoona, ndimamukonda mpaka lero.

"Bambo a Symon, ndiuzeni chinthu chimodzi. Ndikanakuwerengerani zoona, simukanapita kwa iye?"

Ndinkafuna akane, kuti mlandu wanga ukhale waukulu ndilire bwino. Kapena avomere mwaukali, kuti ndipeze pobisala. Iye anayankha mofatsa, akupumira pakati pa mawu.

"Ndikanapita. Masabatawo akanangotha, ndikanakwera njinga. Ndinali wolakwa, sindikukana. Koma ndinkabwerako, Otilia. Lachiwiri lililonse ndinkabwerako."

Nkhaniyi sitinaikambenso.

8

Pamene ndikulemba, miyezi isanu yatha ndipo makalata a ku Joni sanayankhidwe. Sisitere Imelda wapita ku Blantyre katatu kukakumbutsa, amamuuza kuti adikire. Kwa Chapananga nakonso sikunabwere yankho. Dzulo Molly anawerenga 36. Kaitano amakomoka kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo akakomoka ndimaima ndi kuwerenga chamumtima mpaka atapuma, osadziwa ngati ulendo uno apumanso.

Akazi anzanga amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti mwamunayo anayamba dala. Inenso ndinadzitonthoza ndi mawu amenewo zaka zambiri. Anandilakwira, inde. Ndikanatha kumusiya, ndikanatha kukamuneneza kwa Bambo Mfumu, ndikanatha kupita kwa Chapananga kukamenyana ndi Priska pamsika anthu akuonerera. Zonsezo zikanakhala zamanyazi, koma zikanatha. Ine ndinasankha njira yopanda phokoso, yoti anthu azindiyamika. Munthu anadutsa m'manja mwa madokotala, anapatsidwa moyo wachiwiri, n'kuubweretsa kwa ine mu envulopu chifukwa ankandikhulupirira. Ngati m'nyumba mwanu ndinu amene mumawerengera anzanu, amene mumalowa kwa dokotala m'malo mwa wodwala, nenani zimene mwauzidwa, zonse, ngakhale zitakuwawani. Wodwala akauzidwa kuti ayende, musiyeni ayende, ngakhale mukudziwa kumene miyendo yake ikamufikitse.

Musandilembere kundiuza kuti Mulungu amakhululuka. Ndinakalapa, wansembe anandimasula, ndipo ndimalandira Ukalistia Lamulungu lililonse. Amene ndikufuna kuti andikhululukire sanditukwana, sandithamangitsa, sanandinenerepo kwa mwana wathu. Ndimamusambitsabe, ndimamudyetsabe. Koma dzina langa anasiya kulitchula. Ndikamupatsa madzi amalandira ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Takhuta, mai," mwaulemu wonse, monga amathokozera mlendo.